Purosesa ya ku Kapata

Okutobala wafika pa Chipata.
Malata a ofesi yathu akuthetheka
ngati wina akuponyapo miyala,
ndipo m'kabati yachitsulo kabolodi kamodzi,
kosaposa chikhatho changa,
kasenza maina onse a alimi a nsawa.

Pakati pake pagona purosesa,
mitima isanu ndi itatu
pamalo poti chikhadabo n'kuphimba.
Masana madigiri akakwera fani imalira,
fumbi la msewu wa Lundazi lili m'mapiko,
iyo n'kuchepetsa yokha liwiro.
A Nyendwa amamenya tebulo: "Makina aulesi awa!"
Ine duu.
Kukanyanya imangozima, osapempha kwa bwana.

Atate anga, a Lufeyo,
ankapalasa njinga yahayala mpaka ku Mwami,
matumba atatu a simenti, dzuwa lomweli.
M'chifuwa mwawo munalibe koyezera kutentha.
Sanachepetse liwiro.
Anagwa pachitunda, phazi likadali pa pedulo.

Madzulo ndimauzira fumbi
pa zipsepse za aluminiyamu,
n'kudikira kuti kabolodi kazizire.
Foni ikuitana, ayambe adikira.
Ndikumwa kaye madzi, nditakhala pansi.