Kunsi kwa Nsapato

Pa Kamwendo, pakhonde la golosale ya a Zuze,
ndasokapo nsapato zaka khumi ndi zinayi.
Munthu akandipatsa yake sindithamangira pong'ambika.
Ndimayamba ndaigoneka chagada,
n'kuwerenga kunsi.

Lachitatu kunabwera Mayi Nangozo,
aja amatsika ndi dengu la tomato kuchokera kudimba.
Pokhala anachita kugwira khoma,
mwendo wamanzere uli tantha ngati mpini.
Pabondo mphini zisanu ndi imodzi, zakuda bii,
ndi fungo la mankhwala opaka a m'kabotolo.
"Bondo ili landida," anatero.
"Ingomatani soliyo, ndilibe zambiri."

Yakumanja inatha mwaulemu, ponseponse, ngati sopo.
Yakumanzere inadyeka mkati mokha,
kunjaku maluwa a kufakitale akadalipo.

Ndinati, mayi, tayendani mufike pamjigo apo.
Ndinaona phazi likugwera mkati,
kakolo akulitsatira,
bondo n'kupendekera kwa linzake
ngati lili ndi miseche yoti linong'oneze.
Dengu lonse limatsikira pamenepo,
ndi mwana wakumbuyo yemwe.
Kudimba, kumsika, kuchigayo, kubwerera,
mawa chimodzimodzi.

Khoma likang'aluka pawindo
mmisiri sakalipira windo, amakumba pansi.
Ngongole anatenga ndi phazi,
koma pakhomo pomwe agogoda ndi pa bondo.

Ndinadula kachidutswa ka tayala la lole,
ndinakapala mbali imodzi mpaka kupyapyala,
n'kumata pomwe panadyekapo.
Ndinati, ine ndine wa singano, si dokotala;
aka n'kongokufikitsani kunyumba.
Lolemba mukwere ya kuboma,
kuchipatala mukafunse a mafizo,
ndipo nsapato yakale ija musaisiye,
mukawaonetse kunsi.
Anaseka mpaka mwana anadzuka.
"Ndikaonetse adokotala nsapato?"
Analipira ndi tomato asanu, mmodzi wophwanyika.

Chomwe sindinawauze ndi ichi.
M'bokosi langa, pansi pa ulusi ndi timisomali,
muli nsapato za bambo anga,
zachikopa, zogula ku Chipata chaka chomwe fodya anachita bwino.
Zidendene zonse ziwiri zinadyeka mkati.
Ndinazikonza kanayi ndili mnyamata,
kukwirira umboni ndi soli yatsopano,
ndikunyadira kuti msoko wanga suoneka.
Iwo ankati ndi nyamakazi.
Azakhali ankati analumpha chinthu pamphambano.
Tinagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha bondo,
phazi palibe analifunsa.
Zaka zomaliza anazithera pampando wandalema,
akuwerenga mabelo a eni ake akudutsa pamsewu.

Lero Lachisanu la sabata ina.
Malo a Mayi Nangozo mumsika mwakhala wamandasi.
Kaya anakwera, kaya agona kunyumba, sindikudziwa.
Tomato uja tinadya kale.
Patsogolo panga paima mnyamata wa kabaza,
nsapato m'manja, akusisita bondo,
akuti ndifulumire.