Magalamu a Aatos

Ku Oulu, mu Januwale, dzuwa limabwera mochedwa
n'kutsanzika khofi asanazizire.
Limandipeza nditayatsa kale magetsi m'khitchini ya kuseri kwa bwalo,
sikelo pa tebulo, mayina makumi awiri ndi atatu pa khoma,
dzina lililonse ndi magalamu ake.

Amati ntchito yanga ndi kuphika.
Ayi, ine ndimabweza ngongole.
Mnyamata akathamanga masekondi makumi anayi pa nsapato za mipeni
ntchafu zake zimatenga moto pangongole,
wolipira ndine, Sointu, ndi supuni yanga.

Ndani angavomere kuti munthu amachita thukuta pa madzi oundana?
Ndimawayeza polowa, ndimawayeza potuluka.
Goloboyi wataya makilo atatu,
atsalira m'zovala zonunkha ngati galu wonyowa.
Imwa. Muli mchere, inde. Imwanso,
usandiyang'ane choncho.

Ndiye kunadza Loweruka lija.
Kamphira kakuda, kouma gwa ndi chisanu,
kananjanja pa ndodo n'kupeza nsagwada za Aatos.
Magazi pa ayisi sapita patali,
amangokhala phee, ngati mabulosi otayika.
Madokotala anamanga mano ake ndi waya.
Milungu isanu ndi umodzi.

Munthu amene ankaseseratu mbale ziwiri za pasita masana a masewero,
wosenda nthochi ndi mano pa nthawi yopuma,
lero akukoka moyo ndi kapaipi.
Ndapera salimoni, mbatatesi, mkaka,
phala la otsi, mazira, mafuta,
zonse zasanduka mtundu umodzi, mtundu wa simenti.
Kasanu ndi kawiri pa tsiku.
Sikelo sinama, komanso sidziwa kupepesa:
98. 96. 95.

Usiku wina ndinamupeza pakhomo la khitchini,
m'manja muli buledi wakuda
wochokera kwa amayi ake ku Kuusamo.
Sankadya. Ankangonunkhiza,
chimunthu chonse chija, mapewa odzaza chitseko.
Analemba pa foni n'kundionetsa:
Ndimalota ndikutafuna.

M'mabuku anga onse a zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu
mulibe tsamba la njala imeneyo.

Ndinatenga buledi uja,
ndinamuviika mu msuzi wotentha, batala wochuluka,
ndinapera, ndinasefa kawiri kuti pasatsale kokodwa m'waya.
Sindinayeze.
Koyamba m'zaka khumi ndi chimodzi
sikelo inangokhala, diso lake lili pa ziro.

Anayamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsekere.
Kuseri kwa khoma makina osalaza ayisi ankazungulira,
kufufuta mizere yonse ya tsikulo,
ya ogoletsa ndi ya ogwa.

M'mawa anakwera pa sikelo.
95, yomwe ija.
Ndinalemba, popeza ndiyo ntchito yanga.
Koma m'kampata ka ndemanga,
momwe ndimalembamo za mchere ndi tulo,
ndinalemba kuti: Wamaliza zonse,
wapemphanso zina.