Kathumba ka Pansi pa Chiwindi

Zaka makumi awiri ndikusenda mbuzi pamsika wa Ndirande,
ndulu ndimaidziwa ndi chala:
kathumba kobiriwira kokakamira pachiwindi,
ukakaboola mwangozi nyama yonse yawawa,
wogula sabweranso.
Sindinaganizepo kuti nanenso ndili nako.

Ululu unayamba mwanthabwala
pansi pa nthiti za kumanja, ndikangodya zapachiwaya,
usiku n'kukwera mpaka paphewa
ngati mbava yodziwa kale mpanda.

Ku Gulupu anandigoneka chagada,
mafuta ozizira pamimba, kachipangizo kakuyendayenda,
mayi Chikafa maso ali pakanema wa mitambo yokhayokha.
"Mwadya chiyani m'mawa uno?"
Mandasi atatu ndi tiyi wamkaka.
Anaseka. "Ndiye yafinya kale madzi ake,
yaphwa ngati thumba la wantchito pakati pa mwezi.
Yamoyo imatero ikamva mafuta.
Mubwere Lachinayi, osalawa kanthu."

Lachinayi ndinakwera minibasi m'mimba mukulira,
fungo la tchipisi pa Chichiri likundinyoza.
Koma kathumba kanali chifotere.
Ulendo uno mayi aja sanaseke.
Analoza khoma lokhuthala,
timiyala titatu titaunjikana ngati alendi m'chipinda chimodzi.
"Uku si kukhuta ayi.
Yakhala ikutupa, kupola, kutupanso,
mpaka zipsera zaimanga manja.
Siidzadza, siifinya."

Ndinafunsa ngati munthu amakhala moyo popanda ndulu,
ine amene ndataya mazanamazana kwa agalu.
"Mpope ndi chiwindi, bambo Matiki.
Ndulu ndi chigubu chosungira basi.
Akaichotsa madzi azingodontha okha m'matumbo,
inu muzingochepetsa zonona."
Za zigubu tonse a ku Ndirande timazidziwa.

Tsiku la opaleshoni analemba m'kabuku kanga kachipatala,
inki yofiira, mwezi wa mawa.
Mkazi wanga wabisa botolo la mafuta,
mpiru wowiritsa wandilowa m'maloto.

Lero ndasenda tonde wonenepa.
Ndulu yake yodzadza, yosalala, yowala padzuwa,
ndinaidula pang'onopang'ono kuposa masiku onse,
n'kuigwira m'dzanja kanthawi,
galu wa pamsika akundiyang'ana modabwa,
mzere wa ogula ukung'ung'udza.
Ndinangopempha chamumtima
kuti wogwira mpeni tsiku limenelo
akhale ndi dzanja ngati langa.