Njira Yobwerera

Galimoto ya achimwene inathera ku Bangula.
Madzi a chaka chija anaisiya chagada m'matope,
zitseko tinatchingira khola,
pa mipando pakuswera nkhuku.
Chotsala ndi injini yokha,
yakhala pa zipika ziwiri za tsanya pansi pa msawu
ngati mutu wa ng'ombe wotsala pa maliro.

A Zuze Alufandika afika dzuwa lisanakwiye,
batire pa kaliyala, masipanala m'thumba la feteleza.
Manja awo masiku ano amanjenjemera,
ndiye akuti, Esinta, sendera, ugwira ndiwe.

Tamanga sitata ndi mabawuti awiri, lina lobwereka,
mano ake ayang'anizana ndi mano a fulaiwilo.
Dizilo ali m'chigubu, chalendewera pa nthambi.
Nthambo yonenepa, yofiira, yachoka ku batire
kukaluma nati yaikulu ya solenoidi.
Kawaya kowonda kali m'dzanja langa,
kunsonga ndakasenda ndi mano.
Khudzitsa apo, akutero.
Ndakhudzitsa.

Zii.

Ana a kwa Semba akuseka kuseri kwa mpanda.
Mlamu wanga, ali khale pamthunzi, waponya lake:
chitsulo chikamwa Shire sichidzukanso.
Thukuta landilowa m'maso.

A Zuze ayenda mozungulira injini kawiri,
akanda pa dazi, kenaka aseka okha.
Mwanawe, taiwala njira yobwerera.
M'galimoto thupi lonse linali msewu,
moto unkapita pa waya n'kubwerera pa chitsulo
popanda wouuza.
Kunja kuno injini ilibe thupi.
Moto suchoka pakhomo usanaone pobwerera.

Sindinayankhe.
Achimwene ali ku Joni chaka chachinayi,
nambala yawo amayankha ndi munthu wina.

Ndatenga mpeni wotumbulira milamba,
ndapala dzimbiri, ndapala matope ouma a chigumula
pa nthiti ya injini
mpaka pawala malo okwana chala chimodzi.
Pamenepo ndamanga nthambo yakuda,
ndakunga mpaka sipanala yandiluma chikhatho.

Bwerezanso.

Moto wathetheka, buluu, pakati pa zala.
Kha!
Mano alowana,
fulaiwilo yatembenuka mwaulesi ngati mvuu pa mchenga,
kamodzi, kawiri, yatsokomola,
yalavula chisa cha mavu ndi fumbi la mtsinje.
Usasiye! akukuwa a Zuze. Usasiye!
Kenaka
du, du, dududu,
utsi wakuda bii wakwera m'msawu,
masawu osapsa akutigwera m'mutu,
mbuzi zathyola chingwe,
zipika zikuvina, batire ikuyenda yokha.
Siya tsopano!
Ndachotsa kawaya, injini yapitirira popanda ine.

Mlamu waimirira. Pakamwa pali yasa,
zimene akunena sizikumveka.

Sitinaisiye nthawi yaitali.
Ilibe redieta, ndipo dzuwa la kuno silichita chisoni.
A Zuze atsina paipi ya dizilo,
phokoso lazilala pang'onopang'ono,
njiwa zayambiranso pamene zinalekera.

Mawa tikafunsa mtengo wa pampu ku Ngabu,
akutero, akupukuta manja ndi masamba.
Dimba lanu lija limwa chaka chino.
Amasula nthambo yofiira, anyamula batire yawo.

Yakuda ija ndi yanga, ndinagula ndekha.
Ndaisiya chimangire,
mbali inayo ili pansi, pa fumbi,
yaloza ku msewu.
Chala changa chatuluka thuza
ndipo chikununkha waya wopserera.