Mphindi Khumi ndi Ziwiri ku Tampere

Ntchito yanga ndi kumangirira timaikolofoni pa makolala a anthu.
Ine Aulis, zaka makumi awiri ndi zitatu m'holo ino,
ndimadziwa amene ali ndi mantha asanatsegule pakamwa:
khosi limatentha pa zala zanga.

Linali Lachitatu, mu Novembala,
dzuwa litalowa anthu asanamalize khofi wamasana.
Anabwera mayi wina m'jekete lobwereka,
manja ake opinda kawiri.
Pa kakhadi ka pachifuwa: Nélida Condori, namwino, El Alto.
Anandipatsa kafulashi kofiira.
"Musakataye," anatero, "muli zaka zinayi."

Lamulo la pano ndi losavuta.
Aliyense mphindi khumi ndi ziwiri.
Nyali yobiriwira, kenako yachikasu, kenako yofiira,
ndipo yofiira ikayaka, chala changa chimatsitsa mawu
pang'onopang'ono, ngati munthu akumira.

Mipando inali mazana atatu. Anthu makumi anayi.
Ena ankayankha makalata pa maondo,
wina kumbuyo ankasenda nthochi mobisa.
Iye anayamba ndi Chingerezi chopunthwa pa miyala,
nati: odwala chifuwa chachikulu mazana anayi ndi khumi ndi awiri,
uthenga wa pa foni m'mawa uliwonse,
mwamwa mapiritsi? yankhani inde.
Pa sikirini panabalalika timadontho tabuluu,
tonse titakwera phiri limodzi, mwaulemu,
kupatula kamodzi kokhala pakona, kokhakokha.

Nyali yachikasu.
Wapampando, Pulofesa Rautiainen, anakweza cholembera:
"Kadontho ako. Sikanayankhe uthenga ngakhale umodzi,
koma mwakawerengera pa ochira.
Bwanji osakachotsa? Kakuipitsa tchati chanu."

Mayiyo anatembenukira ku sikirini, nakhala chete.
Ndinamva mpweya wake m'makutu mwanga,
poti ine ndimamva zimene holo siimva.

"Ameneyo ndi Don Eusebio," anatero.
"Alibe foni. Analembetsa nambala ya mayi wogulitsa buledi
wa mumsewu wakumunsi kwawo.
Uthenga ukalowa, mayiyo ankasiya dengu,
nkukwera masitepe makumi asanu ndi limodzi,
nkumenya chitseko cha malata, nkukuwa: mapiritsi!
Sadziwa kulemba, ndiye sankayankha.
Miyezi isanu ndi umodzi, mvula kaya matalala.
Pa fomu panalibe bokosi la wogulitsa buledi.
Ndinasowa pomulemba."

Nyali yofiira inayaka.
Chala changa chinali pa batani, pamalo ake a masiku onse.
Sichinasunthe.
Wa nthochi uja anali atasiya kutafuna.
Mtsikana wa ku Oulu anafunsa dzina la mayi wa buledi,
nalilemba pa dzanja: Zenobia.
Tinapitirira ndi mphindi zinayi,
ndipo wolankhula wotsatira anandiyang'ana ngati ndamubera chikwama.

Pomasula kamaikolofoni ndinapeza kolala itanyowa.
Anandifunsa ngati Chingerezi chake chinamveka.
Ndinati inde, ndikukulunga waya,
poti ife a kuno mawu timawaumira.

Kunja chipale chofewa chinali chitayamba,
chija chosungunuka chisanafike pansi.
Amayi anga ku Kangasala ali ndi kabokosi koyera pa tebulo,
kamalira katatu pa tsiku nkulavula piritsi,
ndipo akamwa, foni yanga imalandira kachizindikiro kobiriwira.
Milungu isanu ndakhala ndikuona kachizindikiroko
nkumati zonse zili bwino.

Sitima yam'misewu inabwera, inatsegula zitseko, inapita.
Ndinavula golovesi ndi mano.
Foni inaitana nthawi yaitali.
"Ndani?" anatero.
"Ndine, amayi. Mwamwa mapiritsi?"
"Kabokosi kakuuza kale," anayankha. "Kodi wadwala?"