Sikelo ya ku Siyaso

Achemwali anga Enelesi afika pa basi ya usiku
kuchokera ku Muzarabani,
fumbi la kuchigwa lili m'nsidze.
Pa Mbare Musika anditambasulira dzanja
ndipo ndaliona ndisanaligwire:
zala zong'ambika ndi makoko a thonje,
zikhadabo zodetsedwa ndi mankhwala a mbozi.

Ine ndine telala.
Makina anga ali pakhonde ku Matapi,
kumene agogo anafikira kuchokera ku Ntcheu
ndi sutukesi imodzi, osabwereranso.
Chichewa chathu n'cha zigamba za Chishona
koma chimafundabe.

Amasula mfundo ya mpango, atulutsa kapepala
kopindidwa kanayi, konyowa thukuta.
Mabelo asanu ndi limodzi.
Onse akuti giredi yotsika.
Achotsapo mbewu ya ngongole, feteleza, mankhwala,
achotsapo za lole,
achotsaponso china chimene kalaliki sanachitchule dzina.
Pansi penipeni patsala kanambala
kosakwana fizi ya Mwatitha teremu imodzi.

Pamakina panga pali nsalu, mamita awiri,
diresi la mayi wina wa ku Avondale.
Mtengo wake ndikuudziwa, ndagula ndine dzulo m'tauni.
Kuti apeze mamita awiriwa
Enelesi awerame m'munda masiku angati?
Ndawerengera ndi choko pathabwa
n'kufufuta msanga kuti asaone.
Aona.

"Sindinabwerere kudzalira," akutero,
"ndabwerera sikelo."

Ali makumi atatu ndi anayi m'gulu lawo,
asonkherana, wina wagulitsa nkhuku, wina ndowa ya mapira.
Sikelo ya ogula, akuti, ili ndi nthenda yachilendo:
thumba lothyola msana pochoka kumunda
likangokoledwa pambedza yake
limaonda pompo.

Tapita ku Siyaso,
kumene nyundo sizipatsana mpata
ndipo chitsulo chakufa chimadzuka chili mbaula.
Bambo Kachingwe atiturutsira yopachika,
ya nkhope yozungulira ngati wotchi ya pasiteshoni.
Enelesi sakhulupirira nkhope.
Andituma ku kagolosale,
ndabwera ndi mapaketi asanu a shuga, makilo awiriawiri.
Muvi wanjenjemera, wayendayenda,
waima pa khumi ndendende.
Achotsa paketi imodzi. Zisanu ndi zitatu.
Abwezera. Khumi.
Apo m'pamene aseka koyamba chifikireni,
mpata wa dzino lawo lakutsogolo
ukulowetsa dzuwa lonse la Mbare.

Nanenso andipatsa katundu wanga.
Lachisanu lililonse ndizitseka makina,
ndizikwera kombi mpaka ku Msasa ndi ku Southerton,
ndizifunsa pazipata za makampani
kuti kilo ikuyenda bwanji sabata ino,
ndizitumiza pafoni tambala asanalire kwawoko.
Wogula akadzafika ndi lole ndi nthano zake za msika wagwa,
adzapeza anthu makumi atatu ndi anayi
atakhala pa mabelo awo, pamtengo umodzi,
pakamwa pali nambala imodzi.

Ndawafunsa: nanga akakana, n'kutembenuza lole?
Ngongole ija ili m'buku lake.
Akhala chete kanthawi.
"Thonje si tomato," akutero, "silivunda Lachitatu.
Chovunda msanga ndi mtima wa wanjala.
N'chifukwa chake tayamba ndi nkhokwe ya mapira,
woyamba kufooka azikatapa kumeneko."

Sindikudziwa ngati zitheke.
Chaka chatha a kutsidya anayesa, anagawanika pa sabata yachiwiri.

Madzulo ndawakweza basi.
Sikelo aikulunga m'chitenje, aifukata pamiyendo,
akana kuti kondakitala aiponye pamwamba ndi matumba.

Ndabwerera ku diresi la ku Avondale.
Ndapalasa pang'ono, ulusi waduka.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikuunyowetsa ndi malovu
osaufunsa kwawo.
Lero ndaugwira nthawi yaitali pakati pa zala
ndisanaulowetse m'diso la singano.