Mapiko Odikira Chidindo

Pa windo lachitatu, Mayi Tshabangu
akutembenuza laisensi yanga ngati tomato wofewa pamsika.
"Iyi ndi yakwanu," akutero. "Kuno siuluka."
Ndikufuna kufunsa ngati mphepo ya ku Chileka
imaima pa Beitbridge kuti aidinde,
koma ndangoti zikomo,
ndi kulandira fomu ya masamba asanu ndi anayi.

M'buku langa muli maola mazana asanu ndi awiri.
Ena ndinawalemba dzanja likunjenjemera,
monga tsiku lija ku Mzuzu
chifunga chitakwirira bwalo,
kumbuyo kuli mayi wodwala ndi namwino wake,
mafuta atatsala a mphindi makumi anayi.
Lero akuti Lilongwe itumize kalata
yotsimikiza kuti Ndaziona Kachingwe ndine.
Kalatayo inanyamuka mu Meyi.
Kaya ikubwera wapansi.

Ndimagona ku Kempton Park, kuseri kwa galaja ya munthu.
Ndege zikamatsika, supuni imalira m'kapu,
ndipo ndimazitchula mayina ndi khutu lokha.
Masana ndimatsuka magalimoto,
zala zatuwa ndi sopo,
marandi ndikuwaunjika m'chitini cha majarini:
awa a mayeso a malamulo,
awa a ola limodzi lobwereka ndege.
Usiku ndimaloweza thambo la eni ake,
pomwe pali mpanda wosaoneka, pomwe pali chipata,
ndani woyamba kumulonjera pa wailesi.
Mlendo sathyola mphasa, ndikudziwa.

Lachinayi dokotala anandimvetsera pachifuwa,
anandiwerengetsa zilembo zakutali, anandiika pa sikelo.
Ndinakumbuka bambo a bambo anga, a Jekapu,
amene Wenela anawayeza chimodzimodzi, ali pamzere opanda malaya.
Iwo anakhoza mayeso otsikira kunsi kwa mzinda uno,
nabwerera kumudzi ndi jekete, wailesi ndi chifuwa.
Ine ndikupempha zapamwamba pake.

Dzulo ku Germiston ndinakwera ndi wondiyesa,
Du Plooy, wa nsidze zaimvi, wosaseka.
Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndege imanyinyirika,
imadya msewu wautali isanavomere kunyamuka.
Koma titangosiya nthaka
manja anga anakumbuka okha, osafunsa fomu.
Pansi ndinaona milu yachikasu ya dothi la m'migodi,
ndinapendeketsa phiko pang'ono,
kupereka moni kwa amene anaikumba.
Iye anazimitsa mphamvu mwadzidzidzi, nati,
"Injini yafa. Utera pati?"
Ndinaloza kamunda kuseri kwa njanji.
Anangogwedeza mutu, nalemba kanthu.

Lero m'mawa ndabwereranso pa windo lachitatu.
Mayi Tshabangu andizindikira, atchula dzina langa bwino,
atsegula kompyuta, ayang'ana nthawi yaitali.
"Lilongwe sinayankhe. Ubwere Lolemba."
Panja kukuzizira, mphepo ikuchokera kumwera.
Ndayiyeza ndi tsaya mwachizolowezi,
kenako ndakweza chala kuimitsa minibasi.